Chimbale chakuda chimapirira, koma pamawu digito ili patsogolo

Mu Julayi 2022, mwini sitolo ina yogulitsa zimbale mumzinda wa Phoenix ku America anaulula nkhani imene inawawa anthu ambiri okonda nyimbo. Kampani ya Mobile Fidelity Sound Lab inkagulitsa zimbale zakuda za vinyl pamtengo wokwera, ogula akukhulupirira kuti nyimbozo zimachoka pa tepi yoyambirira n'kupita pachimbale osadutsa pakompyuta. Zoona zake n'zakuti kwa zaka zoposa khumi, zambiri mwa nyimbozo zinkayamba zasandutsidwa digito. Kampaniyo inavomera, ogula anaisumira, ndipo mu 2023 mlandu unatha pogwirizana ndalama pafupifupi madola 25 miliyoni.

Chopatsa chidwi n'chakuti zaka zonsezo akatswiri omvera nyimbo ankazitama zimbalezo kuti ndiye mawu enieni. Chinsinsi chinaululika ndi pakamwa pa anthu, osati ndi khutu.

Choncho amene amanena kuti chimbale chakuda chimasunga mawu mokhulupirika kuposa digito akulakwitsa, ngakhale kuti chikondi chawo pa chimbalecho n'chomveka. Chimbale cha LP, chimene kampani ya Columbia inatulutsa mu 1948, chimazungulira maulendo 33 ndi pang'ono pa mphindi imodzi, singano ikutsata kamzere kokhotakhota kamene kanagobedwa papulasitiki. Kamzereko kali ndi malire ake. Besi ikachuluka singano imalumpha, ndiye ogoba chimbale amayamba aiweta. Singano ikamayandikira pakati, kamzere kamadutsa pang'onopang'ono ndipo mawu okwera amayamba kusasa. N'chifukwa chake oimba ambiri ankaika nyimbo yofatsa kumapeto a mbali iliyonse. Onjezanipo kuthetheka kwa fumbi kuja, kumene achikulire okulira pa galamafoni amakukumbuka bwino.

CD, imene Sony ndi Philips anabweretsa mu 1982, imayeza mawu maulendo 44,100 pa sekondi. Kuchokera pa mawu otsikitsitsa kufika pa okweretsetsa imakwanitsa madesibelo pafupifupi 96, pamene chimbale chabwino chimathera cha m'ma 70.

Nanga bwanji anthu ambiri amalumbira kuti chimbale chimakoma? Nthawi zambiri sakunama, kungoti mlandu akuupereka kwa wosalakwa. Kuyambira m'ma 1990, makampani a nyimbo anayamba kupikisana pokweza phokoso la ma CD, kupanikiza mawu mpaka ng'oma ndi gitala kumveka ngati zathiridwa mumphika umodzi. Gulu la Metallica litatulutsa chimbale cha Death Magnetic mu 2008, otsatira ake omwe anadandaula poyera kuti mawu ake ndi ophwanyika. Vinyl salola nkhanza zoterozo, choncho nyimbo yomweyo ikamakonzedwera chimbale chakuda kawirikawiri imapatsidwa mpata wopuma. Ndipo digito imene ambiri amaidziwa ndi MP3, njira imene inapangidwa makamaka ndi akatswiri a Fraunhofer ku Germany, yomwe imataya mbali ina ya mawu kuti fayilo ichepe. Nyimbo yofinyidwa chotero, yolira pa kasipika ka foni, siingapikisane ndi chimbale cholira pa masipika akuluakulu munthu atakhala pansi n'kutchera khutu. Fayilo ya WAV kapena FLAC siitaya kanthu, ndipo ndiyo yoyenera kuikidwa pa sikelo.

Pa nkhani ya kukhalitsa m'pamene chimbale chakuda chili ndi mawu amphamvu. N'zoona kuti chimatha pang'onopang'ono singano ikamadutsa, chimakalika, ndipo chikasiyidwa m'galimoto padzuwa la mu Okutobala chimapindika. Koma chikaimikidwa chilili pamalo ozizira, chimapirira kuiwalidwa. Cha 1960 chimene chagona m'sutikesi ya agogo chikhoza kupukutidwa lero n'kulira. Chikakalika, malo okalikawo ndi amene amavuta, kwinako nyimbo imapitirira.

Digito siikhululuka chomwecho. Ma CD ambiri opangidwa pa fakitale ina ku Blackburn ku England pakati pa 1988 ndi 1993 anasanduka ofiirira n'kusiya kulira chifukwa cha mankhwala okutira amene sanali bwino. Memory card imafa tsiku limodzi popanda kutsanzika. Mu 2019, MySpace inavomera kuti inataya nyimbo zimene anthu anaika pa tsamba lake kuyambira 2003 mpaka 2015, zomwe akuti zinali pafupifupi 50 miliyoni. Amene amamvera pa Spotify kapena YouTube akungobwereka, ndipo mgwirizano wa eni nyimbo ukatha, nyimboyo imazimiririka.

Komabe digito ili ndi mphamvu imene chimbale chilibe: imakopedwa kambirimbiri osasintha ngakhale pang'ono. Fayilo yokhala pamalo atatu siipsa ndi moto umodzi, monga umene unapsereza matepi oyambirira ochuluka pa Universal Studios ku California mu 2008.

Chitsanzo chabwino cha chimbale ndi digito zikuthandizana chili pafupi. M'zaka za m'ma 1950, Hugh Tracey anayendayenda m'dziko la Nyasaland ndi maiko oyandikana nalo akujambula nyimbo za m'midzi. Zambiri zinatuluka pa zimbale 210 za Sound of Africa. Zimbale ndi matepi zinasunga mawu a makolowo kwa zaka makumi angapo, ndipo International Library of African Music, imene Tracey anakhazikitsa mu 1954 ndipo pano ili pa Rhodes University ku South Africa, inadzawasamutsira ku digito. Njira ziwirizi zinalandirizana katundu.

Ku America, mu 2022, zimbale za vinyl zinagulidwa zambiri kuposa ma CD koyamba chichokere 1987, ndipo ogulawo akupeza chinthu chogwirika chimene adzasiyire ana awo. Koma woimba wa ku Ndirande kapena ku Chipata sangadalire fakitale yodinda zimbale yakutali ndi yodula. Chimene angachite lero, asanatuluke mu situdiyo, ndi kupempha fayilo ya WAV m'malo mwa MP3 yokha, kuikopa pa hard drive, kusiya ina kwa m'bale wodalirika, ina pa intaneti, n'kumaziyesa chaka ndi chaka ngati zikutsegukabe.