Buku limenelo munalidziwira kuti?

Tafunsani wachinyamata aliyense wokonda kuwerenga kuti buku lomwe ali nalo panopa analidziwira kuti. Ambiri akuyankhani kuti analiona pa TikTok, kapena wina analiponya pa gulu lawo la WhatsApp. Ndi ochepa amene anganene kuti analipeza m'sitolo ya mabuku akungoyang'anayang'ana. Ine sindidabwa nazo, pajatu masitolo akewo ndi owerengeka.

Makolo athu amakumbukira Times Bookshop ndi Malawi Book Service, zomwe zinali ndi nthambi m'matauni ndi m'maboma angapo. Munthu ankalowamo kukagula kope la masamu, n'kutuluka ndi Njala Bwana ya Willie Zingani kapena kabuku ka Pacesetters. Masitolo awiriwo anatsekedwa kalekale. Otsalawo mukalowamo mupeza kuti mashelefu ambiri ndi a mabuku a sukulu ndi a zauzimu. Sitingawanene eni ake. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, ndalama zakunja n'zosowa, ndiye wosindikiza amathamangira buku la pasilabasi lomwe akudziwa kuti ligulidwa basi. Nthano yopeka ikhoza kukhala pashelefu mpaka kuchita fumbi.

Kunja nakonso zinthu zinasintha. Amazon inayamba kugulitsa mabuku pa intaneti mu 1995, ndipo mu 2007 inatulutsa Kindle, kachipangizo kowerengerapo mabuku. Pofika 2011, Borders, imodzi mwa makampani akuluakulu a masitolo a mabuku ku America, inagwa. Kenako kunabwera BookTok, kumene achinyamata amajambula timavidiyo tosimba za mabuku omwe awaliza kapena kuwaseketsa. Buku la Colleen Hoover lotchedwa It Ends with Us linatuluka mu 2016, koma linadzagulidwa ngati zitumbuwa mu 2021 chifukwa cha TikTok. N'chifukwa chake lero mtsikana wa ku Area 25 ndi wa ku London akuwerenga buku limodzi.

Zimenezi n'zabwino ndithu, ndipo sindikufuna tibwerere m'mbuyo. Koma walira mvula walira matope. Mapulogalamu a pafoniwa amayang'ana zomwe mwaonera kale, n'kumakubweretserani zofanana nazo. Mukakonda buku limodzi la chikondi, mawa akupatsani ena khumi a chikondi. Mukatsegula lolimbikitsa za kulemera, mwaziyamba, ndi omwewo mpaka bandulo kutha. Komanso amakweza zomwe anthu mamiliyoni akuzikamba, ndipo mamiliyoniwo sali ku Ntcheu kapena ku Chipata. Buku la Chichewa lomwe asindikiza makope ochepa silingapikisane nawo. Likhoza kukhala lokoma bwanji, foni yanu siikuuzani.

Taganizirani za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Atasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, ankapita ku kalaibulale ka pasukulu ya pulayimale ya kwawoko. Kumeneko anapeza buku lotchedwa Using Energy, lomwe pachikuto pake panali chithunzi cha makina opukusidwa ndi mphepo. Sanapite kukafuna buku limenelo, sankalidziwa n'komwe. Linangopezeka pashelefu pomwe maso ake anafika. Kuchokera pamenepo anapanga makina ake a magetsi ndi zidutswa za njinga, zitsulo zotola ndi mitengo ya bulugamu. Nkhani yake inadzakhala buku, The Boy Who Harnessed the Wind, mu 2009, ndi filimu ya pa Netflix mu 2019. Funso langa ndi ili: mnyamata ngati ameneyu lero, foni ili m'manja, ndani angamuonetse buku lomwe sakulifuna koma likumuyenera?

Ntchito imeneyi kale inkagwiridwa ndi shelefu, wogulitsa m'sitolo ndi mphunzitsi wa Chichewa. Lero yatsala m'manja mwa ife owerenga. Olemba ambiri a kuno akudzisindikizira okha mabuku. Amalengeza pa Facebook, mumalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, buku n'kubwera pa basi. Wolemba wotereyu alibe ndalama zotsatsira malonda. Chomwe ali nacho ndi pakamwa pa amene awerenga. Mukamaliza buku lake n'kungokhala chete, ulendo wake wathera m'chipinda mwanu.

Ndiye abale, tiyeni tizilankhula. Mukawerenga buku labwino, lijambuleni muike pa status, mutchule dzina la wolemba ndi komwe likupezeka, muonjezere mizere iwiri yonena chomwe chakukhudzani. Musangoti "ndi bho", nenani chifukwa chake. Ngati ambiri mwa ife Nthondo ya Samuel Ntara, yomwe inatuluka mu 1933, tinaidziwira m'kalasi poopa mayeso, ndani atiuze za Sikusinja ndi Gwenembe ya John Gwengwe kapena Ikakuona Litsiro Sikata ya Jolly Max Ntaba? Funsani amalume kapena azakhali zomwe ankawerenga ali msinkhu wanu. Mudzadabwa ndi zomwe zili m'katoni pansi pa bedi lawo.

Pa magulu a WhatsApp paja pali nkhani inanso. Ma PDF amayenda ngati moto wolusa, ndipo ndikudziwa kuti matumba ndi obooka. Koma buku la wolemba wa kwathu kuno mukaligawa ulele kwa anthu 200, mwamudyera thukuta lake, ndipo lachiwiri mwina sadzalembanso. Gawanani dzina la buku, osati buku lenilenilo. Ngati mtengo wakukulirani, sonkherani anthu atatu mugule limodzi, muzibwerekana.

Pomaliza, kamodzi pamwezi patsani mpata maso anu asochere. National Library Service ili ndi malaibulale ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu, Zomba ndi m'maboma ena. Palinso anyamata aja oyala mabuku akale m'mbali mwa msewu m'tauni. Imani pamenepo mphindi khumi, foni ili m'thumba, mutole buku la wolemba yemwe simunamumvepo, muwerenge tsamba loyamba. Likakukokani, nenererani mtengo. Mukalimaliza, mudzauze munthu mmodzi yemwe sakanalidziwa popanda inu.