Kalata ya ku Cape Town: chikwangwani cha gemu yako chisaname

Lero ndalemba chifukwa cha mwana wa achemwali anga, amene tinasemphana naye mawu pang'ono pa foni, ndipo ndaona kuti bwino ndiyankhe pano kuti ndi ena omwe amve. Mnyamatayu wakhala zaka ziwiri akupanga gemu ya pa kompyuta yekhayekha, usiku akaweruka ku ntchito. Gemu yake ndi ya msodzi amene amapalasa bwato usiku ndi nyali kukakola usipa, kwinaku akuzemba mwera kuti abwerere kumtunda bwato lisanagubuduke. Ndaisewera ndipo ndi yokoma ndithu. Anandipempha kuti ndimutumizire madola 100 oti alipire kuti gemuyo ilowe pa Steam, msika waukulu wa pa intaneti wogulitsirapo magemu. Ndinavomera. Koma atanditumizira chithunzi chimene akufuna kuika pa msikapo, ndinamuuza kuti ndalama ziyambe zadikira.

Pa chithunzipo pali chimunthu cha dzitho chonyamula mkondo, kumbuyo kwake kuli mkango ndi malawi a moto, dzina la gemu lalembedwa m'tizilembo topiringizika pakona. M'gemumo mulibe mkango, mulibe mkondo, moto wake ndi wa nyali basi. Nditamufunsa anati, "Ankolo, anthu amadina pa zinthu zoopsa, bwato palibe angadinepo." Ine ntchito yanga kuno ndi yosindikiza zikwangwani za masitolo, ndipo kumudzi ndinkalemba ndi penti pa makoma a magolosale ndi malo ometera. Za magemu sindine katswiri, koma za chikwangwani ndikuzidziwa, ndipo ndikuti mwana wa achemwali walakwitsa.

Ndiyambe ndavomereza pamene akunena zoona. Msika umenewu ndi wodzaza koopsa. Kampani ya Valve inatsegula Steam m'chaka cha 2003, ndipo kuyambira 2017 aliyense wolipira madola 100 aja akhoza kuikapo gemu yake. M'chaka cha 2023 chokha panatuluka magemu oposa 14,000. Wogula amangotsetsereza chala pa mndandanda, ndipo chimene amayamba kuona ndi kachithunzi kamene iwo amakatcha capsule. Kale kakang'ono kwambiri kankafunika kakhale ka mapikiselo 231 m'litali ndi 87 m'lifupi. M'chaka cha 2024 anawonjezera kuti kakhale 462 ndi 174, komabe pa sikirini kamaoneka kakang'ono ngati sitampa ya ku positi ofesi. Ndiye n'zoona kuti munthu akapanda kukopeka ndi kachithunziko, zaka ziwiri za thukuta zimadutsidwa ngati mulu wa tomato wa pakati pa msika. Mantha ake ndikuwamvetsa.

Koma tiyeni tiwerenge ndalama. Gemu ikagulidwa, Valve imatengapo 30 peresenti. Akaigulitsa pa madola 5, iye amatsala ndi madola atatu ndi theka, msonkho usanachotsedwe. Madola 100 aja amabwezedwa gemu ikapanga madola 1,000, ndiye kuti pamafunika anthu okwana 200 ogula. Tsono pali lamulo limene linayamba mu 2015, loti munthu akagula gemu n'kuisewera osakwana maola awiri, akhoza kuitanitsa ndalama zake pasanathe masiku 14. Taganizani munthu amene wadina chifukwa cha mkango ndi mkondo, n'kupeza ali m'bwato kudikira usipa. Maola awiri sakwana, abweza gemuyo, ndipo mwina alembanso mawu oipa pa tsamba lake oti aliyense wobwera pambuyo awerenge. Pamene munthu amene akanaikonda gemu ya bwato, ndipo alipo ambiri okonda magemu odekha, wadutsa osaima chifukwa waona zankhondo. Chithunzi chonama chimaitana wolakwika n'kuthamangitsa woyenera. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo wogula akapeza nyererezo sabweranso pa mtengo umenewo.

Si ine ndekha ndikuona choncho. Mu 2016 Valve inauza opanga magemu kuti zithunzi za pa tsamba la gemu zikhale zojambulidwa m'gemu mwenimwenimo. Kuyambira pa 1 September 2022 analetsa kulemba pa capsule za mphotho zimene gemu yapata, malikisi a oyamikira kapena za kutsitsa mtengo, kuti pakhale chojambula ndi dzina la gemu. Ku Britain nako, bungwe loona za malonda la ASA linaletsa mu 2020 zotsatsa zina za magemu a pa foni a Homescapes ndi Gardenscapes chifukwa zinkaonetsa masewero amene sanali chenicheni cha magemuwo.

Tsono chithunzi chabwino chimaoneka bwanji? Ine ndimayesa ndi njira zitatu, zomwezo zimene ndimayesera chikwangwani cha sitolo.

Yoyamba, chichepetse mpaka chifanane ndi chala chachikulu, uike foni patebulo, ubwerere m'mbuyo pang'ono. Kodi dzina likuwerengeka? Chikwangwani cha golosale timachilembera munthu amene ali mu minibasi yothamanga, osati amene waima pakhomo. Taonani Undertale ya Toby Fox ya 2015. Chithunzi chake ndi mdima bii, zilembo zoyera zazikulu ndi kamtima kofiira, basi. Ngakhale chichepe bwanji chimawerengeka.

Yachiwiri, chionetse kwa munthu amene sakudziwa kanthu za gemuyo, kwa kanthawi kochepa, kenako umufunse kuti akuganiza kuti m'menemo amachitamo chiyani. Stardew Valley, imene Eric Barone anapanga yekha kwa zaka zoposa zinayi n'kuitulutsa mu 2016, ili ndi dzina lolembedwa ngati pa matabwa, masamba obiriwira ndi thambo lowala. Munthu asanawerenge kalikonse wadziwa kale kuti kumeneko ndi ku munda ndipo kuli mtendere. Hollow Knight ya 2017, yopangidwa ndi kagulu kakang'ono ka ku Adelaide, ili ndi kamunthu kamodzi ka nkhope yoyera ya nyanga ziwiri pakati pa mdima wobiriwira ngati madzi akuya. Chinthu chimodzi chokha, koma sungachiiwale. Chithunzi cha mwana wa achemwali ndinachionetsa kwa anzanga atatu ku ntchito, ndipo onse anati ndi gemu yomenyana.

Yachitatu, chiike pakati pa zinzake khumi za mtundu womwewo. Chikasowa pakati pa gulu, ndiye kuti chalephera. Apa ndi pamene ndikudabwa naye mnyamatayu. Zimunthu za malupanga ndi moto zadzaza pa Steam, mwina zikwizikwi. Koma bwato la mtengo umodzi, nyali ikuwala pa madzi akuda, msodzi ali chilili, ndani wina ali nacho? Chimene iye akuchita nacho manyazi ndiye chuma chake.

Ndikudziwa ena anena kuti gemu yabwino imadzigulitsa yokha. Among Us inatuluka mu 2018, inakhala zaka ziwiri anthu ambiri osaidziwa, mpaka mu 2020 pamene osewera otchuka anayamba kuionetsa pa intaneti. Zimachitika, sindikukana. Koma umenewo ndi mwayi, ndipo munthu sumatsegula okala popanda chikwangwani poyembekezera kuti mwina tsiku lina woimba wotchuka adzagulapo sopo.

Chinanso, chithunzi cha mkango chija sanajambule ndi iye, anachipanga ndi makina aja a AI. Kuyambira mu January 2024 Valve imafuna kuti wopanga gemu aulule ngati wagwiritsa ntchito makinawa, ndipo zimalembedwa pa tsamba la gemu kuti wogula aone. Ine sindikuti makinawo ndi tchimo. Vuto langa ndi loti makinawo sanaione gemu yake, anangomupatsa zofanana ndi zimene apatsa kale anthu ena ambirimbiri. Kumudziko kuli anyamata ndi atsikana a luso lojambula amene anakulira m'mbali mwa nyanja, odziwa mmene bwato limakhalira pa madzi. Mutu umodzi susenza denga. Iye wapanga gemu, wina ajambule chikwangwani, ndipo alipidwe. Kuno anyamata a Free Lives a mu Cape Town momwemuno anagulitsa Broforce padziko lonse kuyambira 2015, ndipo a Nyamakop a ku Johannesburg anatulutsa Semblance mu 2018. Za kuno kwathu ku Africa zimagulika zikakonzedwa bwino.

Ndiye iwe mwana wa achemwali, imva. Madola 100 ndikutumizira mwezi ukatha monga ndinalonjeza, ndipo ndiwonjezerapo kangachepe koti ulipire wojambula. Umuuze ajambule bwato, nyali ndi dzina la gemu m'zilembo zazikulu zoyera. Akatha unditumizire, ndidzachichepetse pa foni ndi kuchionetsanso kwa anzanga atatu aja. Akadzanena kuti ndi gemu ya usodzi, uchiike pa msika.

Mupereke moni kwa amayi ndi onse pakhomopo.

Ndine wanu, ku Cape Town.