Ku Michigan nyanja ndi yaulere, chisanu n'cholipira

Kalata yolembera munthu ntchito ku Michigan imatchula malipiro a pachaka, tsiku loyamba ntchito ndi dzina la bwana. Sinenapo kuti mu January dzuwa limatha kusowa kwa sabata yathunthu. Ku Grand Rapids, mzinda wachiwiri kukula m'chigawochi, a zanyengo anawerenga mphindi 5 zokha za dzuwa m'masiku 8 oyambirira a chaka cha 2023. Koma namwino, injiniya kapena mphunzitsi wa kuyunivesite akalandira kalata yotereyi, choyamba amachulukitsa madolawo ndi mtengo wa Kwacha, mutu n'kuyamba kuzungulira. Masamu enieni amayamba munthu atatsika ndege.

Michigan ili kumpoto kwa dziko la America, kumalire ndi Canada. Ndi mitunda iwiri yolowa m'madzi, yolumikizidwa ndi mlatho wa Mackinac wotalika makilomita 8, umene unatsegulidwa mu 1957. Nyanja zinayi mwa zisanu zikuluzikulu za kumeneko, Superior, Michigan, Huron ndi Erie, zimakhudza chigawochi, ndipo mkati mwake muli nyanja zina zing'onozing'ono zoposa 11,000. Nyanja ya Michigan yokha ndi yaikulu pafupifupi kawiri poyerekeza ndi nyanja ya Malawi, ngakhale kuti pa kuya yathuyi imaziposa zonse: imafika mamita pafupifupi 700 pamene Superior imalekera pa 406. Anthu okhala m'chigawochi ndi pafupifupi 10 miliyoni.

Kuyambira June mpaka kumayambiriro kwa September, malowa ndi okoma ndithu. Mu June ndi July dzuwa limalowa itadutsa 9 koloko usiku, moti munthu amaweruka kuntchito n'kukasambira m'nyanja kukuwala. Lachisanu masana misewu yolowera kumpoto imadzaza ndi magalimoto okoka maboti, mabanja akupita kutinyumba tawo ta m'mbali mwa madzi. Ku Traverse City kumakhala chikondwerero cha zipatso za matcheri mu July. Pa chilumba cha Mackinac analetsa galimoto mu 1898, ndipo mpaka lero anthu amayenda pa njinga ndi ngolo za akavalo. Munthu akapita kukayesedwa ntchito mu July, n'zosadabwitsa kuti amasaina asanawerenge bwino.

Nyanja yomweyo ndi imene imabweretsa chipale chofewa. Mphepo yozizira kwambiri yochokera ku Canada ikamadutsa pamwamba pa madzi amene sanaundane, imatola chinyezi n'kukachitula kumtunda ngati sinowo. N'chifukwa chake madera a kumadzulo ndi a kumpoto amalandira wambiri kuposa ena. Ku Detroit kumagwa sinowo wopitirira pang'ono mita imodzi pachaka. Ku Keweenaw, kumpoto kwenikweni, kufupi ndi tauni ya Houghton kumene kuli yunivesite ya Michigan Tech, amapitirira mamita 5, ndipo m'nyengo yachisanu ya 1978 mpaka 1979 anatsala pang'ono kufika mamita 10. Choncho anthu awiri akhoza kunena kuti amagwira ntchito ku Michigan, koma moyo wawo wa m'mawa uli wosiyana kutalitali.

M'mawa wa February umayamba chonchi. Nthawi ndi 6 koloko, kunja kuli bii, ndipo kucha kwenikweni kudikira mpaka itadutsa 7. Bambo avala jekete, magolovesi ndi chipewa, atenga fosholo kuti atsegule njira yochokera pakhomo kukafika pamsewu. Akangomaliza, chigalimoto cha khonsolo chokankha sinowo chidutsa n'kuwunjikanso mulu wina pageti pomwepo. Kenaka alize galimoto kuti itenthe, apale madzi oundana pagalasi ndi kachipangizo ka pulasitiki, zala zili gwa. M'mizinda yambiri lamulo limati mwini nyumba achotsenso sinowo panjira ya oyenda pansi ya kutsogolo kwake, apo ayi alipira chindapusa. Ali mkati mwa zimenezi, uthenga ulowa pafoni kuti sukulu lero zatsekedwa. Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa kuntchito sanatseke, ndipo m'nyumbamo mulibe mlamu, mulibe mdzukulu wochokera kumudzi, mulibe wantchito woti atsale ndi ana.

Amene anakhalapo ku Dedza kapena ku Thyolo m'nyengo ya chiperoni amadziwa mmene mtima umalemerera dzuwa likabisala masiku atatu. Ku Michigan chiperoni chakecho chimayamba mu November n'kudzatha mu March. Madokotala a kumeneko amalidziwa vuto la kukhumudwa kobwera ndi mdima wa miyezi imeneyi, ndipo anthu ambiri amagula nyale zapadera zoyatsa m'mawa komanso mapiritsi a vitamini D. Anthu akhungu lakuda ndi amene vitamini ameneyu amawachepera msanga dzuwa likasowa.

Kutentha kwa m'nyumba nako n'kogula. Nyumba zambiri zimatenthetsedwa ndi gasi, ndipo bilu yake imakwera kwambiri m'miyezi yozizira. Kumapeto kwa January 2019, kukuzizira modetsa nkhawa, moto unabuka pamalo opopera gasi a kampani ya Consumers Energy ku Macomb County. Usiku womwewo mafoni a anthu analira ndi uthenga wa boma, ndipo bwanamkubwa Gretchen Whitmer anapempha aliyense kuti atsitse mahita kufika pa madigiri 18, kuopa kuti gasi angathere onse. Mafakitale ena a magalimoto anayamba aimitsa ntchito.

Za galimoto n'zosachita kufunsa. Michigan ndi kwawo kwa Ford, General Motors ndi Chrysler, kumene Henry Ford analengeza malipiro a madola 5 patsiku mu January 1914, anthu n'kukhamukirako kuchokera ku Ulaya, ku Middle East ndi kum'mwera kwa America. Mizinda inamangidwa poganiza kuti aliyense ali ndi galimoto yake. Mu 2016 anthu a m'dera la Detroit anakana pa voti msonkho woti ukonze mabasi olumikiza mzinda ndi madera ozungulira, ndipo sitima ya mumsewu ya QLine, yotsegulidwa mu 2017, imayenda makilomita 5 okha. Kulibe minibasi yoima paliponse, kulibe kabaza. Wopanda galimoto amadikira basi pachisanu, kapena kulipira takisi tsiku ndi tsiku mpaka malipiro kutha.

Ikagulidwa galimotoyo, inshuwalansi imakhala ikudikira. Kwa zaka zambiri Michigan yakhala m'gulu la zigawo zodula kwambiri pa inshuwalansi ya galimoto m'dziko lonselo, makamaka chifukwa cha lamulo la 1973 limene linkakakamiza aliyense kulipirira chithandizo chakuchipatala chopanda malire kwa ovulala pangozi. Lamuloli analisintha mu 2019, koma mitengo ikadali yowawa, makamaka ku Detroit, ndipo mlendo wopanda mbiri yoyendetsa galimoto ku America amalipira zambiri kuposa anzake. Mchere umene amathira m'misewu kuti sinowo asungunuke umadya chitsulo cha kunsi kwa galimoto, ndipo madzi akaundana n'kusungunuka amang'amba phula. Mayi Whitmer anapambana chisankho cha 2018 ndi lonjezo lokonza misewu. Inde, ngakhale kwa eni ake magalimoto, maenje a mumsewu amasankhitsa mtsogoleri.

Pa malipiro aja, boma lalikulu la America litenga gawo lake, Michigan itenga 4.25 peresenti, ndipo wokhala mumzinda wa Detroit awonjezera 2.4 peresenti ya mzinda. M'sitolo mtengo wolembedwa pa katundu si wolipira, poti pakauntala amaikapo 6 peresenti, kupatula pa zakudya zokaphika kunyumba. Inshuwalansi ya kuchipatala amadula pamalipiro pomwepo, ndipo ntchito ikatha nayonso imatha. Kwa amene viza yake ndi ya H-1B, yomangirizidwa kwa bwana mmodzi, kuchotsedwa ntchito kumatanthauza masiku osapitirira 60 oti apeze ina kapena alongedze. M'chigawo chodalira mafakitale a magalimoto, zimenezi si nthabwala: mu 2009, General Motors ndi Chrysler atagwa, anthu pafupifupi 14 mwa 100 alionse ofuna ntchito analibe ntchito. Komabe mabungwe a ogwira ntchito kumeneko ali ndi mano. Mu 2023 bungwe la UAW linanyanyala ntchito kwa milungu 6 n'kupambana malipiro okwera ndi 25 peresenti pa zaka zinayi ndi theka.

Phindu lenileni la Michigan lili pa nyumba. Ndalama imene ku New York kapena ku California ingangokwana lendi ya kachipinda, ku Lansing, ku Kalamazoo kapena m'madera ambiri ozungulira Detroit imafikira nyumba yokhala ndi bwalo loti ana asewerepo. Ann Arbor, kwawo kwa University of Michigan, ndi wodula, ndipo ku Traverse City antchito a m'mahotela ndi m'zipatala amavutika kupeza pogona chifukwa nyumba zambiri zinasanduka zobwereketsa alendo. Detroit ndi nkhani ina. Mzinda umene unali ndi anthu oposa 1.8 miliyoni mu 1950 unatsala ndi 639,000 mu 2020, ndipo mu 2013 unalengeza kuti walephera kubweza ngongole za madola pafupifupi 18 biliyoni. Masiku ano ukudzuka: chiwerengero cha anthu chinakwera mu 2023 koyamba kuchokera mu 1957, ndipo siteshoni yakale ya sitima ya Michigan Central, imene inakhala bwinja kwa zaka zoposa 30, kampani ya Ford inaikonza n'kuitsegulanso mu 2024. Koma nyumba yotchipa modabwitsa imafunika mafunso. Msonkho wake pachaka ndi wochuluka bwanji? Ana a pamsewu umenewo amapita sukulu iti, poti kumeneko sukulu ya boma imatsata adiresi? Nanga mapaipi a madzi ndi a chaka chanji?

Funso la mapaipi lili ndi mbiri yake. Mu April 2014, akuluakulu oikidwa ndi boma la Michigan kuti ayendetse chuma cha mzinda wa Flint anasiya madzi ochokera ku nyanja ya Huron n'kuyamba kutunga mumtsinje wa Flint pofuna kupulumutsa ndalama. Sanathire mankhwala oteteza mapaipi, ndipo mtovu unayamba kusungunukira m'madzi akumwa a anthu pafupifupi 100,000, ambiri mwa iwo akuda ndi osauka. Anthu anadandaula za fungo ndi mtundu wa madziwo, akuluakulu n'kumawatsutsa, mpaka mu September 2015 pamene dokotala wa ana, Mona Hanna-Attisha, anaonetsa poyera kuchuluka kwa mtovu m'magazi a ana. Anthu osachepera 12 anamwalira ndi matenda a Legionnaires, ndipo mu 2021 khoti linavomereza chipukuta misozi cha madola 626 miliyoni. Chaka chomwecho anthu a ku Benton Harbor, tauni ya m'mphepete mwenimweni mwa nyanja ya Michigan, anauzidwa kuti azimwa madzi a m'mabotolo pa chifukwa chomwechi. Nyanja ili pakhomo, madzi a pampopi osamweka.

Pali nkhani inanso imene munthu wakuda sangailumphe. Pa 4 April 2022, wapolisi wa ku Grand Rapids anaimitsa Patrick Lyoya, mnyamata wa zaka 26 wochokera ku Congo, chifukwa nambala ya galimoto yake sinkagwirizana ndi galimotoyo. Atalimbana, wapolisiyo anamuwombera kunkhongo. Banja la Lyoya linakhala zaka zambiri mumsasa wa othawa kwawo kuno ku Malawi lisanapite ku America mu 2014. Mlandu wa wapolisiyo unatha mu 2025 oweruza atalephera kugwirizana, ndipo woimira boma ananena kuti saubwerezanso. Makolo akuda kumeneko amaphunzitsa ana awo aamuna mmene angakhalire wapolisi akawaimitsa, manja ali pachiwongolero, ndipo wongofika kumene ayenera kuphunzira zomwezo.

Chimene chimawasunga ambiri ndi anthu anzawo. Apa Michigan si yachilendo kwenikweni kwa Amalawi. Mpingo wa Seventh-day Adventist, mwini wa Malamulo ku Thyolo, unakhazikitsidwa ku Battle Creek mu 1863, ndipo Andrews University ku Berrien Springs yaphunzitsa abusa ndi aphunzitsi ambiri ochokera kuno. Kungodutsa malire kulowa Indiana, mumzinda wa South Bend, kuli limodzi mwa magulu aakulu a Amalawi ku America, moti nsima, chinkhoswe ndi zopereka za maliro sizisowa. Michigan State University nayo ili ndi ubale wakale ndi dziko lino: pulofesa wake Terrie Taylor wakhala akufufuza malungo a muubongo mwa ana pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira 1986, ndipo amabwera m'miyezi ya mvula, malungo akamavuta, nthawi imene kwawo kuli kouma gwa ndi chisanu. Mayiwa anasankha bwino kalendala yawo.

Koma gulu limeneli lili kum'mwera chakumadzulo. Wopita ku Marquette kapena ku Houghton ayenda maola 7 kapena kuposa kuti akalipeze. Ndipo kuitanitsa agogo kuti adzathandize mwana akabadwa kunavuta: mu August 2025, boma la America linayamba kufuna chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia opempha viza yokacheza.

Kwa banja lokhala ndi ntchito yokhazikika, inshuwalansi yabwino ya kuchipatala ndi anthu a kwawo pafupi, Michigan ndi malo oti munthu n'kugula nyumba, kuphunzitsa ana ndi kutumizako kangachepe kumudzi. Wopita yekha ku tauni ya kumpoto, pa viza yodalira bwana mmodzi, aganize kawiri. Ndipo amene ali ndi mwayi wosankha mwezi wosamukira asankhe May, kuti pofika November akhale atapeza galimoto, matayala a sinowo, jekete lenileni ndi manambala a foni a anthu oti n'kuwaimbira usiku.