Udzu Wobiriwira Kuseri kwa Mpanda: Gofu wa Asilikali ndi Mzinda wa Kabwe

Mfumu James II ya ku Scotland itaona m'chaka cha 1457 kuti anyamata a m'dziko lake, amene anayenera kumakoka uta ndi kuphunzira kulasa pokonzekera adani a kumwera, akutha dzuwa lonse m'madambo akumenya kampira ndi ndodo, inagwirizana ndi aphungu ake nkulamula kuti gofu ndi mpira wamiyendo zilekeke. Kuyambira pamenepo mlandu wa msilikali ndi gofu sunathe, koma unangotembenuka, pakuti masewera amene kale ankaletsedwa chifukwa chosokoneza ankhondo, lero ankhondo omwewo ndiwo eni ake a mabwalo ena okongola koposa amene munthu angapondepo.

Ku America, kumene nkhaniyi inakula kwambiri, sukulu zitatu zazikulu zosulirako akuluakulu a nkhondo zili ndi mabwalo awoawo. Ku West Point, m'mapiri oyang'ana mtsinje wa Hudson, kuli bwalo limene analemba mapulani ake ndi katswiri Robert Trent Jones; ku Annapolis asilikali a pamadzi ali ndi lawo; ndipo ku Colorado Springs, kumene amaphunzirako a m'mlengalenga, kuli mabwalo awiri otchedwa ndi dzina la Eisenhower, amene ambiri odziwa masewerawa amawaika patsogolo pa onse a asilikali a dzikolo. Ku Hawaii, bwalo la Kaneohe Klipper lili ndi maenje amene anatsamira pa gombe lenileni la nyanja ya Pacific. Ndipo ku Camp Bonifas, pafupi ndi malire oopsa ogawa Korea pawiri, asilikali anadzikonzera dzenje limodzi lokha, mabomba okwiriridwa pansi atalizinga, kusonyeza kuti mtima wa munthu wokhala pa ulonda usana ndi usiku umafuna popumira, ngakhale pakhale pang'ono chotani.

Zonsezi zikadakhala nkhani za kutali zongomvera, pakadapanda kuti Kabwe nawo ndi mzinda wa asilikali. Anthu ambiri amaudziwa chifukwa cha mgodi wa mtovu ndi zinki umene unapezeka mu 1902, chifukwa cha njanji imene inafika mu 1906, kapena chifukwa cha chigaza cha munthu wakalekale chimene chinafukulidwa mu 1921 nkutengedwa kupita ku London. Koma iye amene anakhalamo adziwa kuti malole obiriwira ndi malipenga a m'mawa ndi mbali ya moyo wa mzindawu. Muno muli kambi ya Chindwin ndi kambi ya Kohima, kumene kuli sukulu yophunzitsa asilikali a dziko la Zambia ndi kusula anyamata ndi atsikana odzakhala maofesala. Mayina awiriwa anachokera ku nkhondo ya ku Burma ya 1944, imene makolo athu a ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland, ali m'gulu la 11th East African Division, anaitsata wapansi m'chigwa cha Kabaw, m'mvula yosaleka ndi m'malungo, kufikira atafika pa mtsinje wa Chindwin. Tsono ngati pali malo m'Zambia amene munthu angayerekeze ndi West Point, malowo ndi Kabwe. Ndipo funso limene liyenera kusanthulidwa modekha ndi lakuti, kodi kungakhale koyenera kuti mzinda wotere uthire chuma, madzi ndi malo pa bwalo la gofu la asilikali okhaokha, lokhala kuseri kwa mpanda ndi chipata cha alonda?

Amene angayankhe kuti inde sali opanda nzeru, ndipo tiyenera kuwamvetsera kufikira atatha mawu awo. Msilikali sasankha kokhala. Amapita kumene watumidwa, nasiya mkazi kapena mwamuna ndi ana miyezi yambiri, monga achitira asilikali a Zambia amene akhala akusungitsa mtendere ku Central African Republic m'dzina la United Nations. Munthu wobwera kuchokera kumalo otero amabwera ndi zinthu m'mtima zimene sangathe kuuza ngakhale mbale wake, ndipo ngati sapeza pomasukira pabwino, botolo ndilo limamulandira. Gofu ndi masewera oyenda pansi makilomita asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, m'mphepo yabwino, kwa maola anayi, ndipo amatheka kwa mnyamata wa zaka 20 monganso kwa mkulu wopuma pa ntchito amene maondo ake anakana kale mpira. Pali chinanso chimene aphunzitsi a usilikali amachitama: m'masewera amenewa kawirikawiri palibe woimbira, kotero kuti munthu amawerenga yekha kamenyedwe kake, ndipo kampira kakasuntha m'thengo popanda womuona, iye mwini ndiye ayenera kudzinenera ndi kulandira chilango. Kodi si khalidwe lomwelo limene dziko lifuna mwa munthu amene lidzamusungitsa mfuti, mafuta a galimoto ndi chakudya cha anzake?

Umboni wina uli pafupi ndi kwathu. Ku Dar es Salaam asilikali a Tanzania ali ndi bwalo la Lugalo, limene silinatsekere anthu wamba kunja, ndipo latchuka ndi kuphunzitsa ana, anyamata ndi atsikana omwe. Ku Nairobi asilikali a m'mlengalenga ali ndi lawo ku Eastleigh. Ndipo kuno ku Zambia palibe amene angakane kuti magulu a chitetezo akhala mzati wa masewera: Green Buffaloes ndi ya asilikali a pamtunda, Red Arrows ndi ya a m'mlengalenga, Green Eagles ndi ya Zambia National Service, ndipo Barbra Banda, amene dzina lake lamveka pa dziko lonse, anadzera ku Green Buffaloes. Ngati asilikali anatha kulera mpira wamiyendo, angalephere bwanji kulera gofu?

Komatu walira mvula walira matope. Bwalo la maenje 18 limadya malo oposa mahekitala 50, ndipo pamalo osalala pamene pali dzenje, udzu wake sulola kugona ndi ludzu ngakhale masiku ochepa. Ku Kabwe mvula ikaleka mu Epulo sibweranso kufikira Novembala. Miyezi yonseyo pafunika zitsime zakuya, mapampu, magetsi kapena dizilo, feteleza, makina odulira udzu amene zipangizo zake zimaitanitsidwa kunja, ndi anthu odzuka mbandakucha kukathirira. Tonse tikukumbukira chaka cha 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, madzi a ku Kariba ataphwa kotero kuti magetsi ankazima pafupifupi tsiku lathunthu, ndipo magulu a chitetezo anapemphedwa kuthandiza kulima chakudya. Mpope umene ungathirire udzu wosadyedwa ndi womwewo umene ungathirire chimanga. Ndipo mtsogoleri wa asilikali amene angasankhe udzuwo m'chaka chotero adzakhala ndi mlandu pamaso pa amayi oima pamzere wa madzi ku Makululu.

Ngakhale maiko akuluakulu anapunthwa pa mwala umenewu. Nyumba ya malamulo ya ku America inafika poletsa kuti ndalama za msonkho zisamagwiritsidwe ntchito posamalira mabwalo a gofu a asilikali a m'dzikomo, kupatula a kumalo akutali ndi a kunja kwa dziko, kotero kuti ambiri amadzidyetsa okha ndi ndalama zolipira osewera. Ku India, mkulu wofufuza za chuma cha boma anapeza mu 2011 kuti asilikali anali ndi mabwalo 97 pa malo a boma, ndi kuti ndalama zimene anthu wamba ankalipira posewerapo sizinkalowa m'thumba la boma. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma choopsa chimene ine ndichiona kukhala chachikulu kuposa ndalama ndi cha mpanda. Okalamba a m'mzinda uno, umene unkatchedwa Broken Hill kufikira 1966, akumbukira bwino lomwe kuti makalabu a mgodi ndi a njanji anali a azungu, ndi kuti mwana wa munthu wakuda ankaponda udzu wa gofu pokhapokha atasenza chikwama cha ndodo za bwana. Mnyamatayo ankayenda pambuyo, wopanda nsapato, maso ali m'mwamba kutsata kumene kampira kagwere; ankadziwa kupendekeka kwa nthaka kuposa mwini ndodo, ankapukuta chitsulo chilichonse ndi kansanza konyowa asanachibwezere m'chikwama, ndipo dzuwa likapendeka ankapita kuseri kwa zitsamba ndi ndodo yake yosema ku mtengo, kukayeseza zimene maso ake anaba masana. Ufulu utabwera mu 1964, Kenneth Kaunda, amene ankakonda masewerawa ndipo ankasewera pa bwalo la ku State House, anathandiza kuchotsa manyazi akuti gofu ndi wa azungu. Koma mpanda wa khungu utagwa, wa ndalama unatsala chiimire. Bwalo lomangidwa m'kati mwa kambi lingawonjezepo mpanda wachitatu, wa nyota za paphewa, pakuti ngakhale lamulo litanena kuti msilikali aliyense ndi wololedwa, kopolo amene malipiro ake amathera pa ufa ndi fizi ya ana sadzagula ndodo, ndipo akadzapezeka pabwalopo kudzakhala kudzatchetcha udzu atalamulidwa. Gulu la nkhondo limene akulu ake amasewera pamene ang'ono akuthirira likudzibzalira udani m'nyumba mwake.

Pali chinthu chimodzi chimene chisiyanitsa Kabwe ndi Colorado Springs, ndi Dar es Salaam, ndi mzinda wina uliwonse umene tautchula, ndipo ndicho chiyenera kulamula mlandu wonsewu. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtovu unatsala m'nthaka. Uli m'fumbi limene mphepo ya mu Ogasiti imalinyamula kuchokera ku chimulu cha zinyalala za mgodi chimene anthu amachitcha Black Mountain. Uli m'ngalande yodutsa m'makomboni. Uli pabwalo pamene mwana wokwawa amatola dothi nkuika m'kamwa amake akuchapa. Akatswiri a University of Zambia pamodzi ndi anzawo a ku Hokkaido University anayeza ana 246 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 2015 zinaonetsa kuti panalibe ndi mmodzi yemwe amene magazi ake anali pansi pa muyezo umene madokotala amayambira kuda nkhawa. Mtovu supha mwaphokoso. Umafooketsa ubongo pang'onopang'ono, ndipo chimene wawononga mwa mwana sichibwereranso. Mu 2016 World Bank inavomereza ndalama zoposa madola 65 miliyoni zothandiza kukonza malo owonongeka ndi migodi m'Zambia, Kabwe ali pakati pake, koma fumbi likadalipo. M'mzinda wotere, nthaka yoyera yokutidwa ndi udzu wothiriridwa si chinthu chongokometsera maso; ndi malo amene mwana angagwe, kugubuduka ndi kudzuka osameza poizoni. Kutsekera chuma chotero kuseri kwa chipata cha alonda kuti chikhale cha anthu mazana ochepa, pamene ana zikwizikwi akusewera m'fumbi la mtovu, ndi chinthu chimene chikumbumtima changa sichingavomere.

Chifukwa chake ndiima pakati, koma osati mwa mantha. Asilikali asewere gofu, pakuti ubwino wake ndi woona. Koma asamange bwalo lawolawo. Mzindawu uli kale ndi Kabwe Golf Club, ndipo mabwalo a m'mizinda ya migodi ndi njanji akhala akufuna dzanja lamphamvu chichokere makampani amene ankawadyetsa. Asilikali ali ndi zimene kalabu ya anthu wamba imazisowa: akatswiri okumba zitsime ndi kukonza mapampu, mathirakitala, malole, ndiponso mwambo wosunga nthawi. Atalowa m'kalabu ya mumzinda monga mamembala olipira, maofesala ophunzira ku Kohima akadakumana ndi aphunzitsi a ku Kwame Nkrumah University, ogwira ntchito ku Zambia Railways ndi alimi a ku Chisamba, m'malo momangocheza okhaokha. Ndipo msilikali amene amadziwana ndi anthu amene amawateteza savuta kukumbukira kuti mfuti yake ndi yawo. Mzinda uno unaonapo kale zimene zimachitika bungwe lalikulu likatsegulira ana a m'makomboni bwalo lake: Kabwe Warriors inaleredwa ndi njanji, ndipo ndi m'malaya ake ndi a timu ya dziko momwe Godfrey Chitalu anagoletsera zigoli 107 mu 1972. Gofu nayenso ali ndi mboni yake mwa Madalitso Muthiya, amene anayamba kugwira ndodo ali kamwana ku Lusaka, napita kukaphunzira ku University of New Mexico, ndipo mu 2006 anakhala Mzambia woyamba kusewera mu U.S. Open. M'mera mpoyamba, ndipo palibe amene adziwa kuti ku Bwacha kapena ku Katondo kuli manja angati otero amene sanakhudzepo ndodo.

Sindikunena kuti njira imeneyi ilibe minga. Mlendo wamphamvu akalowa m'nyumba angathe kulanda mpando wa mwini nyumba, ndipo kalabu imene yazolowera thandizo la kambi ingadzapezeke ilibe pogwira tsiku limene mtsogoleri wokonda gofu wasamutsidwa nkubwera wina wosalabadira. Nchifukwa chake pangano lotere liyenera kulembedwa, osati kungopangana pakamwa pa chakudya chamadzulo: lilembe kuti komiti isankhidwa ndi mamembala onse mosayang'ana nyota, kuti msilikali wamba sadzatumidwa kukagwira ntchito pabwalo m'dzina la lamulo, kuti mabuku a ndalama adzawerengedwa poyera chaka ndi chaka, ndi kuti m'chaka cha chilala madzi adzathiridwa pa maenje pokha, kwina konse kuume kudikira mvula. Lilembenso masiku a pa sabata amene lole ya ku Chindwin idzatenga ana a sukulu a ku Chowa ndi Kasanda kupita nawo kubwalo, ndodo zobwereka zili zokonzeka. Ndipo lole imeneyo isananyamule mwana woyamba, nthaka ya bwalolo iyezedwe dzenje ndi dzenje ndi akatswiri omwe aja anayeza magazi a ana, zotsatira zake zikhomedwe pakhomo la kalabu kuti kholo lililonse liwerenge lokha.