Tigwirizane Malamulo Tisanaponye Njere Yoyamba

Achinyamata anzanga, sabata ino tilingalire nkhani yooneka yaing'ono, koma imene yadanitsa anyamata awiri okulira limodzi.

Loweruka lapitali madzulo, awiriwa ankasewera bawo pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika wa Dwangwa. Mmodzi anali ndi mpata wodya njere za mnzake, koma poona kuti akatero asiya nyumba yake pambalambanda, anangotakata kwina. Mnzakeyo anaimirira nanena kuti waberedwa. Wotakatayo anayankha kuti kuzemba ndi nzeru, ndipo kwawo amasewera choncho. Thabwa linagubuduzika, njere zinamwazika m'fumbi, ndipo mpaka lero sakupatsana moni.

Kunena mosapsatira, wodandaulayo ananena zoona. Mu bawo, ngati podya palipo uyenera kudya, ndipo kutakata kumaloledwa pokhapokha podya palibe. Katswiri amazemba msampha akadali kutali, powerengera njere zake mosamala kuti asafike pokakamizidwa kudya pamene sakufuna. Koma kuzemba lamulo lenilenilo ndi chinyengo.

Komabe onse awiri ali ndi mbali yawo, pakuti anayamba kusewera asanagwirizane kanthu. Malamulo a bawo amasiyanadi malinga ndi dera. Kuno ndi ku Zanzibar thabwa lili ndi maenje 32 ndi njere 64, koma kumeneko amayamba ndi njere 6 m'nyumba ndi 22 m'manja, pamene ife timaika 8 n'kusunga 20. Tsono Dwangwa ndi malo amene ntchito ya nzimbe yasonkhanitsa anthu a m'maboma osiyanasiyana. Aliyense akamaumirira za kwawo, mkangano sungathe.

Vutoli lili ngakhale kunja. Mu 1974, ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons, masewera apatebulo amene aliyense amakhala ngati munthu wa m'nthano. Kumenekonso amatsutsana ngati msilikali wakutiwakuti walewa lupanga kapena ayi. Mwambo wawo ndi wakuti wotsogolera nthanoyo amagamula pomwepo, masewera n'kupitirira, ndipo wosakhutira amadandaula akamaliza.

Nafenso tingachite chimodzimodzi. Tisanaponye njere yoyamba, titchule malamulo onse okayikitsa ndi kugwirizana. Tisankhenso munthu mmodzi wopanda mbali woti agamule, chifukwa amene apindule ndi chigamulo sayenera kukhala woweruza. Akagamula, timvere mpaka masewerawo atha, ngakhale tikuona kuti waphonya. Zokonza tikonze pambuyo, mitima itazizira.

Ena adzati bawo ndi kucheza chabe, nanga woweruza ngwachiyani? Koma mnyamata wozolowera kupotoza lamulo pa njere zopanda mtengo, adzatani tikadzamusungitsa ndalama za gulu? Khalidwe limaumbidwa pa zinthu zazing'ono zomwezi.

Kwa inu achimwene anga awiri, ngati mukuwerenga: akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Wotakata apepese chifukwa chozemba lamulo, wogubuduza thabwa apepese chifukwa cha ukali. Njere zija ana anatola zonse 64, ndipo zikukudikirani.

Tionanenso sabata yamawa.