Duwa lokongola lomwe likulanda msipu

Pamasukulu, pamatchalitchi ndi m'mipanda ya nyumba zambiri m'chigawo chathu chino pamapezeka chitsamba cha timaluwa tounjikana pamodzi ngati kachipewa. Akatswiri a zomera amachitcha Lantana camara. Kwawo ndi ku Central ndi South America, ndipo kuno chinabwera ngati duwa lokometsera pakhomo. Lero chadzaza m'mphepete mwa mitsinje ndi m'malo odyetsera ziweto ku South Africa, Zimbabwe, Zambia ndi Malawi. Mu 2000 bungwe la IUCN linachiika pamndandanda wa zamoyo 100 zomwe zimawononga kwambiri zikafika kudziko lachilendo.

Kuchizindikira sikovuta. Gwirani nthambi yanthete: si yobulungira ayi, ili ndi makona anayi, ndipo kawirikawiri imakhala ndi timinga tokhota. Masamba amamera awiriawiri moyang'anizana, ndi okhakhala ngati lilime la ng'ombe, m'mphepete mwake muli manomano. Mukawafikisa m'manja amatulutsa fungo lamphamvu.

Chomwe chimanyenga anthu ndi maluwa. Pamutu umodzi pamaoneka mitundu iwiri kapena itatu, achikasu pakati, ofiira kapena apinki kunja. Sikuti ndi mbewu zosakanizika. Duwa lililonse limasintha mtundu likalandira mungu, choncho agulugufe amadziwa kuti timadzi tili mwa achikasuwo. Kukongola kwake sindikutsutsa. Koma pambuyo pa maluwa pamabwera tizipatso tobiriwira tomwe timada tikapsa, ndipo mbalame zikadya zimakafesa njere zake kutali ndi mpanda wanuwo.

Ng'ombe ikadya masamba ambiri chiwindi chimawonongeka. Imadzimbidwa, maso amasanduka achikasu, khungu la pamphuno ndi pamalo oyera limasupuka ndi dzuwa, mwinanso imafa. Zomwe zimagwa m'mavutowa kwambiri ndi ziweto zachilendo pamalopo komanso zanjala m'chilimwe. Ana nawonso asadye tizipatso tosapsato.

Kudula kapena kutentha sikuthandiza, chifukwa chitsa chimaphukanso mvula ikagwa. Zulani ndi mizu yomwe nthaka ikadali yofewa, chitsambacho chisanabereke, ndipo muzibwererako kukazula tomera kumene. Alangizi ndi makomiti a m'midzi ayambire pamipanda ya sukulu ndi tchalitchi, poti njere zambiri zikuchokera pomwepo.