Tchalitchi si envelopu

Anzanga, tamverani. Namondwe Freddy atagwetsa nyumba yathu kuno ku Chikwawa mu Malichi 2023, abusa amene ndinkawapatsa chakhumi ndikakonza injini za maboti sanaponde kumsasa. Anangotumiza uthenga woti tifese mbewu kuti Mulungu atikumbuke. Mbewu yake iti, chimanga chonse chitapita ndi Shire?

Ndinasiya kupemphera chaka chathunthu. Anandibweza ndi amayi a mumpingo aja timawaseka kuti ndi achikale. Bambo anga, msodzi wosauka, atamwalira, anabwera ndi ufa wawo, n'kuimba mpaka mbandakucha osapempha kanthu. Lamulungu ndimakhala nawo.

Inu ogulitsa madzi odzozedwa, injini yopanda oyilo timaidziwira phokoso.

Tumizirani ena.